Goli Lamtengo ndi Goli Lachitsulo: Mafunso ndi Mayankho pa za Aneneri Onyenga

Kuyambira m'mabuku a Mose kufikira m'masomphenya amene Yohane anaona pa chisumbu cha Patimo, palibe mbadwo umene Malembo Oyera anausiya osauchenjeza za anthu olankhula m'dzina la Mulungu pamene Mulunguyo sanawatume. Ndipo popeza chenjezo lobwerezedwa chotere silingakhale lopanda chifukwa, kuli koyenera kuti tikhale pansi, tifunse mafunso amene wowerenga wosamala angafunse, ndi kuwayankha modekha monga momwe mabukuwo atilolera.

Kodi mneneri wonyenga ndi munthu wotani?

Ambiri akamva dzina limeneli maganizo awo amathamangira ku phiri la Karimeli, kumene aneneri a Baala 450 anafuula kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, nadzitema ndi mipeni mpaka mwazi kuchucha, osayankhidwa ndi kanthu. Komatu amenewo sanali ovuta kuwazindikira, pakuti mulungu wawo anamutchula dzina poyera, ndipo Mwisrayeli aliyense wowatsata anadziwa mumtima mwake kuti wafulatira Yehova. Amene anathandiza kugwetsa ufumu wa Yuda, amene Yeremiya anasweka nawo mtima ndipo Ezekieli anawafanizira ndi nkhandwe za m'mabwinja, anali anthu a m'nyumba momwemo, oimirira m'bwalo la Kachisi, oyamba mawu awo monga momwe mneneri woona ayambira, otchula dzina la Yehova wa makamu osadodoma ngakhale pang'ono. Zekariya atiuza kuti ena ankavala ndi chofunda chaubweya chomwe, chonga cha Eliya, kuti anthu awayese aneneri.

Ndiponso tisaganize kuti onse anali akathyali odziwa chimene anali kuchita. Analipo obera anzawo mawu, wina akalalika chokoma winanso n'kuchitenga kukachilengeza ngati chake, monga Yeremiya adandaulira m'mutu 23. Koma analiponso ena amene, atalota zofuna za mtima wawo usiku, anadzuka m'mawa akukhulupirira ndithu kuti Mulungu walankhula nawo, nakhala kudikira kuti mawu awo akwaniritsidwe. Wodzinyenga yekha ndiye woopsa kuposa wonyenga dala, chifukwa nkhope yake siichita manyazi ndipo mawu ake sanjenjemera.

Kodi ilipo nkhani imene itionetsa mneneri woona ndi wonyenga ataimirirana maso ndi maso?

Ilipo, ndipo yalembedwa mu Yeremiya 27 ndi 28. M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara mfumu ya ku Babulo anatenga Yerusalemu, nanyamula mfumu Yekoniya pamodzi ndi akalonga, amisiri ndi zipangizo za m'Kachisi, nasiya Zedekiya pa mpando kuti alamule m'malo mwake ndi kupereka msonkho. Patapita zaka zowerengeka kunafika ku Yerusalemu amithenga ochokera ku Edomu, Mowabu, Amoni, Turo ndi Sidoni kudzapangana za kupandukira Babulo. Ndipo pamene mzinda wonse unali kutentha ndi chiyembekezo cha ufulu, Yeremiya wa ku Anatoti anatuluka atadzimangirira goli lamtengo m'khosi ndi zingwe, monga ng'ombe yolima, nauza mafumu onsewo kuti agonjere mfumu ya ku Babulo ngati afuna kukhala ndi moyo. Tangoganizani momwe anthu anamuyang'anira!

M'chaka chachinayi cha Zedekiya, mwezi wachisanu, anaimirira m'nyumba ya Yehova munthu wina dzina lake Hananiya mwana wa Azuri, wa ku Gibeoni, mudzi wa m'dziko la Benjamini monganso Anatoti, kotero kuti awiriwa anali ngati anthu a dera limodzi. Pamaso pa ansembe ndi anthu onse, Hananiya analengeza m'dzina la Yehova kuti goli la Babulo lathyoka, ndi kuti zisanathe zaka ziwiri zipangizo za m'Kachisi zidzabwerera, Yekoniya adzabwerera, ndi andende onse adzabwerera kwawo.

Chimene Yeremiya anachita apa n'choyenera kuchilingalira, pakuti sanamutukwane, kapena kumutcha wabodza pomwepo, koma anavomera kuti nayenso akanakondwa Yehova akanachita zomwezo. Anangomukumbutsa kuti aneneri akale amene anatsogolera iwo awiri ankalosera nkhondo, masautso ndi miliri, ndi kuti mneneri wolosera mtendere adzadziwika kuti anatumidwadi pokhapokha mawu akewo atachitika. Pamenepo Hananiya, pofuna kuonetsa mphamvu, anachotsa goli lija m'khosi mwa Yeremiya, nalithyola anthu onse akupenya. Ndipo Yeremiya anangochoka, osayankha kanthu.

Ine ndiyesa kuchoka kumeneku ndicho chinthu chachikulu m'nkhani yonseyi. Munthu amene anali atalalika zaka zoposa makumi atatu, amene anadziwa mumtima kuti mnzakeyo akusokeretsa anthu, analola kuoneka wogonja pamaso pa khamu, chifukwa pa nthawi imeneyo analibe mawu atsopano ochokera kwa Yehova, ndipo sanafune kupeka ake kuti apambane mkangano. Hananiya sanasowepo chonena. Yeremiya anadziwa kukhala chete. Mawu atamufikira pambuyo pake, anabwerera kukauza Hananiya kuti pothyola goli lamtengo waitanira anthu goli lachitsulo, kuti wawakhulupiritsa bodza, ndi kuti chaka chomwecho adzafa. Hananiya anamwalira mwezi wachisanu ndi chiwiri, patangopita miyezi iwiri. Ndipo Yekoniya amene ankati abwerera zisanathe zaka ziwiri anakhala m'ndende ku Babulo zaka 37, natulutsidwa ndi Evili-Merodaki, koma kwawo sanakuonenso.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu anakhulupirira Hananiya, osati Yeremiya?

Chifukwa choyamba n'chakuti Hananiya sananene chinthu chachilendo. Zaka zoposa zana m'mbuyomo, m'chaka cha 701, Senakeribu mfumu ya Asuri anaopseza Yerusalemu ndi khamu lalikulu, ndipo Yesaya, mneneri woona, analimbitsa mfumu Hezekiya kuti mzindawo sudzagwa, ndipo sunagwedi. Kuyambira pamenepo anthu a ku Yerusalemu anakhazikika mtima kuti mzinda wokhala ndi Kachisi wa Yehova sungathe kupasuka, kaya okhalamo achite zotani. Tsono Hananiya anangotola mawu amene anali oona m'masiku a Hezekiya, nawabweretsa kwa mbadwo wina umene unali kupondereza amasiye, kukhetsa mwazi wosachimwa ndi kufukiza zonunkhira kwa milungu yachilendo, nasiya mbali yonena za kulapa. Bodza lake linali lonjezo la Mulungu lochotsedwa pangano lake.

Chifukwa chachiwiri n'chowawa kuchimva, koma aneneri sanachibise: anthu anazikonda zimenezi. Yeremiya, potsiriza mutu wachisanu, atanena za aneneri olosera monama ndi ansembe olamulira motsata iwo, awonjezapo kuti anthu a Mulunguwo anakondwera nazo; Yesaya naye, m'mutu 30, asimba za anthu opempha alauli kuti aleke kuwauza zoongoka, awauze zosalala. Pamene pali ogula bodza, ogulitsa sasowa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndiye mnansi, koma nzika za Yerusalemu zinamanga wotsina khutuyo m'matangadza, ndi kumuponya m'chitsime chamatope, pamene wozisisita pamsana zinamupatsa malo aulemu m'nyumba ya Yehova. Ezekieli, amene anali kale pakati pa andende ku Babulo, anaona chimodzimodzi: anthu amanga khoma losalimba, aneneri n'kubwera kudzalipaka njereza kuti ming'alu isaoneke, kufikira tsiku limene mvula yamatalala ndi mkuntho zidzaligwetsa pamodzi ndi olipakawo.

Kodi kukwaniritsidwa kwa ulosi sindiwo muyeso wokwanira?

Ndiwo muyeso woyamba, ndipo Mose anaupereka mu Deuteronomo 18: mneneri akanena chinthu m'dzina la Yehova koma chosachitika, walankhula modzikuza, ndipo anthu asamuope. Muyeso umenewu ndi wabwino, ndipo ukanagwiritsidwa ntchito mokhulupirika, ambiri olosera masiku ndi zaka akanakhala atasowa owamvera kalekale. Koma uli ndi malire ake, amene Malembo omwewo sawabisa.

Choyamba, uchedwa. Munthu woima m'Kachisi tsiku lija anayenera kusankha pomwepo ngati apandukira Babulo kapena ayi, ndipo sakanatha kudikira zaka ziwiri, kapena zaka 70 za ukapolo zimene Yeremiya ananena. Chachiwiri, alipo maulosi a aneneri oona amene sanachitike monga ananenedwera: Yona analalika kuti Nineve adzapasuka atapita masiku 40, koma anthu atalapa mzindawo unapulumuka, Mika wa ku Moreseti analosera kuti Ziyoni adzalimidwa ngati munda, koma Hezekiya atadzichepetsa tsokalo linapatuka pa mbadwo umenewo, ndipo ndi nkhani imeneyi imene akulu a dziko anakumbukira napulumutsa nayo moyo wa Yeremiya pamene ansembe ndi aneneri anafuna kumupha. Chenjezo la chiweruzo limaperekedwa kuti anthu atembenuke lisanachitike, kotero kusachitika kwake nthawi zina ndiko kupambana kwake.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chimene ambiri amachiiwala, wonyenga angathe kulosera chinthu n'kuchitikadi. Deuteronomo 13 anena za mneneri kapena wolota maloto amene chizindikiro chake chachitika, koma pambuyo pake akokera anthu kwa milungu ina. Lamulo ndi lakuti asamveredwe, ngakhale chozizwa chake chioneke ndi maso. Amatsenga a Farao anasandutsa ndodo zawo njoka monga anachitira Aroni. Ambuye Yesu, potsiriza chiphunzitso cha paphiri, ananena za anthu ambiri amene pa tsiku lomaliza adzadzitamandira kuti analosera, anatulutsa ziwanda ndi kuchita zamphamvu m'dzina lake, ndipo sanatsutse kuti anazichita. Anangoti adzawakana chifukwa cha kusayeruzika kwawo. N'chifukwa chake muyeso umene Iye anapereka unali wa zipatso, ndiwo makhalidwe a munthuyo ndi zimene zimamera m'miyoyo ya omutsata. Pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma aneneri ambiri akavomerezana pa chinthu chimodzi, kodi angalakwe onse?

Angathe, ndipo zinachitika pa chipata cha Samariya. Ahabu mfumu ya Israyeli, pofuna kukalanda Ramoti Giliyadi m'manja mwa Aaramu, anaitana Yehosafati mfumu ya Yuda kuti apite naye. Ndipo mafumu awiriwo atakhala pa mipando yawo atavala zachifumu, kunasonkhana aneneri ngati 400, onse ndi pakamwa pamodzi kuilonjeza mfumu chipambano, mmodzi wa iwo, Zedekiya mwana wa Kenaana, atasula ndi nyanga zachitsulo zomwe, zoonetsera momwe Ahabu adzagundire adani ake. Yehosafati, amene khutu lake linamva kuti kugwirizana kotereku kwasalala mopitirira, anafunsa ngati panalibenso mneneri wina wa Yehova. Ahabu anavomera kuti analipo mmodzi, Mikaya mwana wa Imla, koma anati amamuda chifukwa samulosera zabwino.

Wamthenga wokamuitana anamunong'oneza panjira kuti angogwirizana ndi anzake. Mikaya atafika anayamba ndi kubwereza mawu a anzakewo monyodola, kufikira Ahabu mwini anamulumbiritsa kuti anene zoona. Apo ndipo anaulula kuti waona Aisrayeli atabalalika m'mapiri opanda mbusa. Anamuomba khofi, namutsekera m'ndende kuti azidya chakudya chochepa ndi madzi ochepa kufikira mfumu itabwerako. Ahabu anapita kunkhondo atadzibisa ndi zovala za msilikali wamba, koma muvi umene munthu wina anangouponya chiponyeponye unamulasa pa mpata wa malaya ake achitsulo, ndipo anafa madzulo a tsiku lomwelo.

M'nkhani imeneyi muli chinthu chimene chimavutitsa owerenga ambiri, ndicho masomphenya a Mikaya onena kuti mzimu wonama unaloledwa kulowa m'kamwa mwa aneneri aja. Sindiyesa kuti pali munthu amene angathe kumasula mfundo imeneyi yonse. Komabe tizindikire kuti Ahabu anauzidwa za mzimuwo asananyamuke, pamaso pa anthu onse, ndipo anapitabe. Mfumu imene inadzisonkhanitsira aneneri 400 oiuza zokoma, n'kumada mmodzi woiuza zoona, inalandira chimene inakhala ikuchifuna zaka zonse.

Nanga ndalama zilowapo bwanji pa nkhani imeneyi?

Zilowapo pafupifupi paliponse pamene aneneri onyenga atchulidwa. Mika anawafotokoza mosapsatira: ukawapatsa chotafuna akulosera mtendere, ukawamana akuutsira nkhondo. Ezekieli anadzudzula akazi olosera amene ankasokera anthu zithumwa za pamkono, nadetsa dzina la Mulungu chifukwa cha barele wodzaza dzanja ndi zidutswa za mkate, akukhumudwitsa olungama ndi kulimbitsa oipa. Balamu, amene pakamwa pake panatuluka madalitso enieni pa Israyeli, akumbukiridwa m'makalata a Petro ndi Yuda monga munthu wokonda mphotho ya chosalungama. Nehemiya, pomanga linga la Yerusalemu, anazindikira kuti Semaya amene anamulosera kuti athawire m'Kachisi anali atalipidwa ndi Tobiya ndi Sanibalati. Ndipo Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphamvu ya Mzimu ndi ndalama, Petro anamuyankha mawu oopsa amene sanayankhepo munthu wina wobatizidwa kumene.

Izi sizitanthauza kuti mtumiki wa Mulungu asadye. Saulo ndi mnyamata wake, pofunafuna abulu otayika, anatengera Samueli kandalama kakang'ono ka siliva, ndipo palibe anawadzudzula. Paulo naye anaphunzitsa kuti wolalika Uthenga ayenera kusamalidwa ndi mpingo, ngakhale iye mwini anasoka mahema kuti asalemetse munthu. Mlandu uli pamene mawu asintha potsata mphatso. Elisa anakana chuma chonse cha Namani kuti Mwaramuyo abwerere kwawo akudziwa kuti machiritso a Yehova sagulidwa, ndipo Gehazi mtumiki wa Elisa, amene anathamangira galeta la Namani kukapempha mwabodza siliva ndi zovala, analandira pamodzi nazo khate.

Akhristu oyambirira anaichenjerera nkhani imeneyi koposa momwe ambiri aganizira. Kalipo kabuku kakale kotchedwa Didache, kolembedwa chakumapeto kwa zaka zana zoyambirira kapena kuchiyambi kwa zotsatira zake, kamene kanatayika nthawi yaitali kufikira Philotheos Bryennios anakapeza ku Constantinople mu 1873. M'menemo mipingo ilangizidwa kuti mlaliki woyendayenda alandiridwe tsiku limodzi, kapena awiri ngati pali chifukwa, koma akakhala masiku atatu ndi wonyenga. Pochoka atenge mkate wokha womufikitsa kumene akagone, ndipo akapempha ndalama ndi wonyenga. Wonena mu mzimu kuti amupatse ndalama asamveredwe, pokhapokha ngati akupemphera anthu ena osowa. Malamulo amenewa angaoneke okhwima, koma anthu amene anawalemba anali atalandirapo alendo otere m'nyumba zawo, ndipo kabuku komweko kalamula kuti mneneri woona wokhazikika pakati pawo apatsidwe zipatso zoyamba za m'munda.

Kodi sikuchimwa kuyesa munthu wa Mulungu?

Pali mawu a mu Salimo 105 oletsa kukhudza odzozedwa a Mulungu, amene ambiri amathawirako akafunsidwa mafunso. Ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Koma wowerenga salimo lonselo adzaona kuti likunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo, anthu owerengeka oyendayenda m'maiko a eni, amene Mulungu anawatchinjiriza kwa mafumu ofuna kuwachitira nkhanza. Silikunena za mlaliki wokana kufunsidwa ndi nkhosa zake. Davide anakana kupha Saulo wodzozedwa, koma sanaleke kumuuza kulakwa kwake maso ndi maso.

Kuyesa ndi lamulo. Yohane alangiza okhulupirira kuti asakhulupirire mzimu uliwonse koma aiyese; Paulo auza Akorinto kuti aneneri awiri kapena atatu akalankhula enawo azisinkhasinkha zonenedwazo; Luka ayamikira anthu a ku Bereya chifukwa ankafufuza m'Malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo mwini anawaphunzitsa zinali zoona; ndipo mpingo wa ku Efeso utamandidwa m'Chivumbulutso chifukwa unayesa odzitcha atumwi n'kuwapeza onama, pamene wa ku Tiyatira udzudzulidwa chifukwa cholekerera mkazi wodzitcha mneneri. Ngakhale ukalamba kapena udindo sizimuchotsa munthu pa muyeso: mu 1 Mafumu 13, munthu wa Mulungu wochokera ku Yuda, amene anakana chakudya cha mfumu Yerobowamu, anagwa pa chakudya cha mneneri wokalamba wa ku Beteli amene anamunamiza kuti mngelo wasintha lamulo, ndipo mkango unamupha panjira.

Komabe pali dzenje linanso kumbali inayo. Paulo yemweyo, polembera Atesalonika, aletsa kuzima Mzimu ndi kunyoza maulosi, m'malo omwewo amene alamula kuyesa zonse. Amaziya wansembe wa ku Beteli anathamangitsa Amosi namuyesa wolosera kuti apeze chakudya. Mneneri wina wa ku Babulo analembera ansembe a ku Yerusalemu kuti atsekere Yeremiya monga wamisala. Wokana aneneri onse ndi wovomera aneneri onse afanana pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti onse awiri athawa ntchito yoyesa.

Kodi machenjezo amenewa akhudzanso nthawi zapafupi ndi ife?

Akhudza, ndipo nthawi zina ndi mwazi. Mu 1925 Tomo Nyirenda, munthu wa kumpoto kwa Nyasaland amene anaphunzirapo ku Livingstonia, anafika pakati pa Alala a m'dera la Mkushi ku Northern Rhodesia, nadzitcha Mwana Lesa, ndiko kuti Mwana wa Mulungu. Anthu a kumeneko anali otopa ndi imfa ndi mantha a ufiti, ndipo iye anawalonjeza kuti ubatizo wake womiza m'madzi udzaulula mfiti. Oweruzidwa kuti ndi mfiti anaphedwa, poyamba kwa mfumu Shaiwila, kenaka kutsidya kwa malire ku Katanga, kumene ophedwa anachuluka koposa. Nyirenda ananyongedwa mu 1926. Anthu amene anamulandira sanali opusa; anali ndi chilonda chenicheni, ndipo iye anawalonjeza mankhwala achangu.

Ku Kanungu, kumwera chakumadzulo kwa Uganda, gulu lodzitcha lobwezeretsa Malamulo Khumi a Mulungu, lotsogozedwa ndi Joseph Kibwetere ndi Credonia Mwerinde, linaphunzitsa kuti dziko lidzatha pakutha pa chaka cha 1999, ndipo otsatira ambiri anagulitsa minda ndi katundu napereka ndalamazo kwa atsogoleri. Tsiku lija linafika n'kupita. Muyeso wa Mose unali utalankhula momveka, koma ambiri anakhalabe. Ndipo pa 17 March 2000 anthu mazanamazana, ana omwe, anapsera m'nyumba yopemphereramo yotsekedwa zitseko, ndipo mitembo ina inafukulidwa pambuyo pake m'malo ena a gululo, onse pamodzi oposa 700.

Pomaliza, kodi Yerusalemu atagwa anthu anazindikira amene anali mneneri woona?

Tikanayembekeza kuti atero. Ankhondo a Babulo atazinga mzinda, Yeremiya anafunsa Zedekiya kumene kunali aneneri ake aja amene ankati mfumu ya Babulo sidzabwera, ndipo Malembo sasimba kuti mfumu inayankhapo kanthu pa funsolo. Cha m'ma 587 linga linabooka, Kachisi anatenthedwa, ana a Zedekiya anaphedwa iye akupenya ku Ribila, kenaka anamukolowola maso namutengera ku Babulo m'maunyolo. Goli lachitsulo linafikadi. Ku Babulo nakonso aneneri awiri amene Yeremiya anawatchula m'kalata yake, Ahabu mwana wa Kolaya ndi Zedekiya mwana wa Maaseya, amene ankalosera monama ndi kuchita chigololo ndi akazi a anansi awo, iye anali atawalosera kuti adzawotchedwa pamoto ndi mfumu ya dzikolo.

Tsono otsala m'dziko la Yuda, Gedaliya kazembe wawo ataphedwa ku Mizipa, anachita mantha kuti Ababulo adzabwezera, ndipo anadza kwa Yeremiya, kuyambira wamng'ono kufikira wamkulu, motsogozedwa ndi Yohanani mwana wa Kareya, kumupempha kuti awafunsire kwa Yehova njira yoti atsate, nalumbira kuti adzamvera yankho lake, likhale lokoma kapena lowawa. Yeremiya, monga mwa khalidwe lake lija, sanayankhe tsiku lomwelo. Anadikira masiku khumi. Mawu atafika anali akuti akhale m'dzikomo, asaope mfumu ya ku Babulo, ndipo asapite ku Ejipito, kumene lupanga ndi njala zimene akuzithawa zidzawapeza.

Koma iwo anali atamanga kale katundu wawo mumtima. Amuna odzikuza pakati pawo, amene anali ataona ndi maso awo mawu onse a nkhalambayi akukwaniritsidwa pa mzinda wawo, anaimirira namuuza kuti akunama, kuti Yehova sanamutume, ndi kuti Baruki mlembi wake ndiye wamusonkhezera kuti awapereke m'manja mwa Ababulo. Ananyamuka onse, amuna, akazi, ana ndi ana aakazi a mfumu, natenga Yeremiya ndi Baruki pamodzi nawo kupita ku Tapanesi m'dziko la Ejipito, kumene anayambanso kufukizira mfumukazi yakumwamba, akunena kuti masiku amene ankaipembedza ku Yerusalemu ndiwo anali masiku a chakudya chambiri.